Mwana wosamva uja akakula n'kukhala chidakwa, ndani amamufunsa za kudzipha?

M'zipatala zothandiza anthu amene akodwa ndi mowa kapena mankhwala osokoneza bongo mumabwera odwala amitundu iwiri amene ogwira ntchito amawazindikira akangolowa pakhomo. Wina amalowa atazolika, amalankhula motsitsa mawu, akuti tulo sakuliona ndipo moyo sukumukoma. Ameneyu aliyense amamudera nkhawa, moti funso loti kodi akuganiza zodzipha amafunsidwa tsiku lomwelo. Wina amalowa akukalipa. Wachedwa ola lathunthu koma akufuna aonedwe pompo, pachipumi pali chipsera, ndipo fayilo yake yadzaza ndi nkhani za ndewu ndi kuba kuyambira ali pasukulu. Ameneyu anthu amaopa kuti avulaza ena. Ndi ochepa amene amaganizako zoti angadzichotsere moyo.

Chonsecho kafukufuku wa zaka zambiri akusonyeza kuti wachiwiriyu nayenso ali pangozi yaikulu, ndipo ngozi yake ndi yovuta kuiona chifukwa kawirikawiri sibwera ndi misozi.

Choyamba tisiyanitse kupulupudza kwa masiku onse ndi vuto limene madokotala amalitchula kuti conduct disorder. Mwana aliyense amanamapo, amajombapo kusukulu, amamenyanapo ndi mnzake. Izi si matenda. Buku limene madokotala ambiri a maganizo amatsatira, DSM-5, lomwe bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa mu 2013, limandandalika makhalidwe 15 m'magulu anayi: kuchitira nkhanza anthu kapena nyama, kuwononga katundu mwadala kuphatikizapo kuyatsa moto, kunama ndi kuba, komanso kuphwanya malamulo akuluakulu monga kuthawa pakhomo usiku wonse kapena kujomba kusukulu kawirikawiri asanakwanitse zaka 13. Kuti anene kuti mwana ali ndi vutoli, pamafunika kuti asonyeze atatu mwa makhalidwewa m'miyezi 12 yapitayo, limodzi likhale la m'miyezi 6 yaposachedwa, ndiponso kuti zikhale zikusokonezadi moyo wake kunyumba kapena kusukulu. Amayang'ananso ngati zinayamba asanafike zaka 10, pakuti kuyamba msanga kumalosera mavuto aakulu kutsogolo.

Amene anatsegula maso a anthu pankhaniyi ndi Lee Robins wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku United States. Iye anapeza mafayilo akale a ana 524 amene anatumizidwa kuchipatala cha ana m'zaka za m'ma 1920, ndipo anawafunafuna patapita zaka pafupifupi 30 kuti aone kuti anakula bwanji. Zimene anasindikiza mu 1966 zinadabwitsa ambiri. Ana amanyazi ndi amantha ambiri anakula bwinobwino. Amene anakumana ndi zokhoma anali otumizidwa chifukwa cha kuba, ndewu ndi kuthawa pakhomo, ndipo zokhomazo sizinali za kupolisi zokha: uchidakwa, maukwati otha, kusakhalitsa pantchito, kudwaladwala. Chimene chinkalosera bwino tsogolo la mwana sichinali umphawi wa makolo ake koma kuchuluka kwa mitundu ya makhalidwe oipa amene ankachita. Robins ananenanso mfundo ina imene anthu amakonda kuiiwala: pafupifupi wamkulu aliyense wa khalidwe lachiwembu anayamba ali mwana, koma ana ambiri osamva sakula n'kukhala achiwembu.

Nanga amasiyana pati? Terrie Moffitt anayankha mu 1993 pogwiritsa ntchito kafukufuku wa ku Dunedin ku New Zealand, kumene akhala akutsatira anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 kuyambira ali ana. Iye anati pali kagulu kochepa, ambiri mwa iwo anyamata, kamene kamayamba kuvuta kuyambira kuubwana n'kumapitirira moyo wonse. Nthawi zambiri ana otere amavutika kukhazikika ndi kudziletsa kuchokera ali aang'ono, ndipo amakulira pakhomo pamene palinso mavuto. Ndiye pali gulu lalikulu limene limayamba kupulupudza likatha msinkhu, potsanzira anzawo, n'kudzasiya likamalowa uchikulire. Moffitt anachenjeza kuti ngakhale a gulu lachiwirili akhoza kukodwa m'zimene anazitcha misampha: kuchotsedwa sukulu, mlandu wolembedwa kupolisi, mimba yosayembekezera, ndiponso chizolowezi cha mowa kapena mankhwala. Mnyamata amene akanasiya yekha kupulupudza ali ndi zaka 20 amalephera kusiya chifukwa tsopano thupi lake likufuna mowa m'mawa uliwonse. Atawaonanso ali ndi zaka 26, amuna ambiri a gulu limeneli anali akadali ndi mavuto a mowa, mankhwala ndi ndalama.

Kuti khalidwe lotere limatsogolera kuuchidakwa, pamenepo ofufuza sakanganapo kwenikweni. Mwana wosamva amayamba kumwa msanga, ndipo kuyamba msanga kuli ndi mtengo wake. Kafukufuku wamkulu wa ku United States wa mu 1997 anapeza kuti mwa anthu amene anayamba kumwa asanafike zaka 15, pafupifupi 40 pa 100 alionse anadzakhala akapolo a mowa, pamene mwa oyamba ali ndi zaka 21 kapena kuposerapo anali pafupifupi 10 pa 100. Kale mu 1981, Robert Cloninger ndi anzake a ku Sweden anali atafufuza amuna 862 oleredwa ndi makolo osawabereka, n'kupeza kuti uchidakwa uli pawiri. Wina umabwera mochedwa, mwa munthu wodera nkhawa amene amamwa kuti mtima ukhale pansi. Wina umayamba munthu asanafike zaka 25, umayendera limodzi ndi ndewu ndi milandu, ndipo umatsata kwambiri magazi a bambo womubereka. Ofufuza mapasa, makamaka a ku Minnesota, anadzaonjezera kuti kusamva, kukonda zoika moyo pachiswe, uchidakwa ndi mankhwala zimachokera kwambiri ku chinthu chimodzi chobadwa nacho, chomwe ndi kuvutika kudziletsa. Izi sizikutanthauza kuti mwana amabadwa chidakwa. Amabadwa ndi mtima wothamanga, ndipo zimene akumane nazo pokula n'zimene zimaukulitsa kapena kuuweta.

Tsopano tifike pa imfa. Bungwe la World Health Organization limati anthu opitirira 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lapansi. Mu 2004, Holly Wilcox, Kenneth Conner ndi Eric Caine anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wotsatira anthu okodwa ndi zoledzeretsa, ndipo anapeza kuti zidakwa zimadzipha mowirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi anthu wamba. Kwa ogwiritsa ntchito mankhwala a mtundu wa heroin ndi odzibaya jakisoni zinali pafupifupi ka 14, ndipo kwa osakaniza mankhwala osiyanasiyana pafupifupi ka 17. Ambiri mwa anthu amenewa anali oti anafika kuchipatala, kutanthauza kuti vuto lawo linali litakula kale. Komabe ziwerengerozi n'zoopsa. Ndipo ngoziyo sinagawidwe mofanana pakati pa zidakwa zonse. Mukafunsa odwala a m'zipatalazi kuti ndani anayesapo kudzipha, mobwerezabwereza mumapeza kuti ambiri ndi amene anayamba kumwa ali aang'ono, amasakaniza mankhwala, anazunzidwapo ali ana, ndiponso ali ndi mbiri ya ndewu ndi kuphwanya malamulo.

Chifukwa choyamba chimene anthu amenewa alili pangozi ndi phuma. Anthu ambiri amaganiza kuti wodzipha amakonzekera kwa milungu, amalemba kalata, amagawa katundu wake. Ena amaterodi. Koma ofufuza mumzinda wa Houston ku United States anacheza ndi anthu 153 a zaka za pakati pa 13 ndi 34 amene anapulumuka lokumbakumba atayesa kudzipha, n'kuwafunsa kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji kuchokera pamene anaganiza zodzipha kufika pamene anachita. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2001, zinasonyeza kuti 24 pa 100 alionse anati sipanathe mphindi zisanu. Ndipo taonani amene anali m'gulu la mphindi zisanuli: kawirikawiri anali amuna, anali oti amenyanapo ndi munthu, ndipo matenda ovutika maganizo sankapezeka kwambiri mwa iwo ngati mwa ena oyesa kudzipha. Ndiye kuti dokotala wongofunsa za chisoni, tulo ndi chilakolako cha chakudya akanauza ena mwa iwo kuti ali bwino, azipita.

Mowa umathira mafuta pamenepa. Umafooketsa mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kuima kaye n'kuganiza za mawa, ndipo umachititsa kuti vuto limene lili pamaso pake lioneke ngati ndilo dziko lonse. Kafukufuku wophatikiza wa mu 2017 anapeza kuti m'maola amene munthu wamwa, kuthekera koti ayese kudzipha kumakwera pafupifupi ka 7, ndipo kumakwera kwambiri akamwa wochuluka. Kwa munthu amene kudziletsa kunali kovuta kale ali ndi zaka 12, mowa umachotsa kochepa kamene kanatsala.

Chifukwa chachiwiri chimachokeranso ku St. Louis, ndipo mwa amene anachipeza munali Eli Robins, mwamuna wake wa Lee. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, iye ndi anzake anacheza ndi achibale a anthu 134 amene anadzipha, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali chidakwa. George Murphy, mmodzi wa anzakewo, atayang'anitsitsa nkhani za zidakwazo, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu anali atasiyana ndi munthu wapamtima m'milungu 6 yomaliza ya moyo wake: banja kutha, mkazi kuchoka, kuthamangitsidwa pakhomo. Mwa odzipha amene anali ndi matenda ovutika maganizo koma sanali zidakwa, izi zinali zosowa kwambiri. Chidakwa chimapirira zambiri malinga ngati pali wina amene akadali nacho. Wotsirizayo akachoka, m'pamene pamaopsa.

Ndiye ganizirani munthu amene wakhala akukhumudwitsa anthu kuyambira ali ndi zaka 11. Aphunzitsi anamutopa, abale anamubisira ndalama, mabwana anamuchotsa ntchito. Pofika zaka 35 anthu amene angamutsegulire chitseko usiku atsala mmodzi kapena awiri. Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu. Walandira kalata yoti akaonekere kukhoti, wamwa kuyambira masana, wafika kunyumba n'kupeza mkazi wake akulongedza zovala za ana. Akangana, waphwanya foni, mkazi watuluka akunena kuti ulendo uno sabweranso. Dzulo lake munthuyu akanafunsidwa ngati akufuna kufa akanaseka, ndipo sakananama. Koma tsopano watsala yekha m'nyumba, waledzera, wakwiya, manyazi amugwira, ndipo moyo wake wonse sanaphunzirepo kudikira kuti mkwiyo uzizire. Ola limenelo ndilo ngozi yake. Akalipyola, m'mawa akhoza kudzuka ndi matsire n'kumadabwa kuti anaganiza bwanji zimenezo.

Thomas Joiner, katswiri wa za maganizo wa ku Florida State University, anaperekanso chifukwa chachitatu mu 2005. Iye anati kufuna kufa kumabwera munthu akamadziona kuti ali yekhayekha ndiponso kuti ndi mtolo kwa ena, koma kufunako pakokha sikukwanira, chifukwa thupi limaopa ululu ndi imfa. Amene amafika pochitadi ndi amene manthawo anawatha pang'onopang'ono chifukwa chozolowera zopweteka. Kumenyedwa uli mwana, ndewu, ngozi zapamsewu utaledzera, kudzibaya jakisoni tsiku ndi tsiku, kuona mnzako akukomoka ndi mankhwala: zonsezi zimazoloweretsa munthu magazi ndi ululu. Ofufuza ena amatsutsa mbali zina za ganizoli, ndipo umboni wake suli wolimba paliponse. Koma limafotokoza bwino chifukwa chake munthu wolimba mtima uja, amene anzake amamutama kuti saopa kanthu, ndi amene tiyenera kumuopera.

Pali chikhulupiriro china chakale chimene chiyenera kutha. Madokotala ena ankaphunzitsidwa kuti anthu achiwembu amadzikonda kwambiri moti sangadziphe, ndipo akanena zodzipha amangofuna kuopseza kapena kupeza kanthu. Mu 2001, Edelyn Verona, Christopher Patrick ndi Joiner anafufuza akaidi aamuna n'kupeza kuti nkhaniyi ili pawiri. Kuuma mtima, kusamva chisoni ndi kunyengerera anthu sizinkagwirizana ndi kuyesa kudzipha. Chimene chinkagwirizana nako ndi mbali inayo: phuma, mtima wapachala, moyo wosakhazikika, ndi kuphwanya malamulo kuyambira ubwana. Ambiri mwa odwala ovuta a m'zipatala za zidakwa ali kumbali yachiwiriyi. N'zoona kuti wina akhoza kunena zodzipha pofuna bedi kuchipatala kapena pofuna kuti mkazi asachoke. Koma munthu yemweyo akhozanso kudzipha usiku womwewo, ndipo palibe njira yodziwira ndi maso kuti lero ndi liti.

Tisathamangire kunena kuti khalidwe loipa la paubwana ndilo limapha. Nthawi zambiri kusamva kwa mwana kumakhala ndi gwero lake. Kafukufuku wotchuka wa ku San Diego, amene zotsatira zake zoyamba anazitulutsa Vincent Felitti ndi anzake mu 1998, anafunsa akuluakulu masauzande ambiri za mavuto a paubwana wawo: kumenyedwa, kugwiriridwa, kuona mayi akumenyedwa, kukhala ndi kholo loledzera, lodwala maganizo kapena lomangidwa. Amene anakumana ndi mitundu inayi kapena kuposerapo ya mavutowa anali zidakwa mowirikiza pafupifupi ka 7, ndipo anayesa kudzipha mowirikiza pafupifupi ka 12. Choncho mtsikana wothawa pakhomo ali ndi zaka 13, amene buku la madokotala limamuwerengera khalidwe limodzi mwa 15 aja, mwina ankathawa munthu amene ankamulowera kuchipinda. Ofufuza akachotsera mphamvu ya nkhanza za paubwana, matenda ovutika maganizo ndi mavuto ena a umunthu, kugwirizana kwa kusamva ndi kudzipha kumachepa, ndipo m'kafukufuku wina kumatsala pang'ono kutheratu. Kwa wofufuza, funso loti chimayambitsa n'chiti ndi lalikulu. Kwa namwino amene ali ndi wodwala patsogolo pake, mbiri ya kusamva ndi chizindikiro basi choti pansipa pali zambiri, ndipo afunse.

Ndiponso chizindikiro si ulosi. Mu 2017 Joseph Franklin ndi anzake anaunika kafukufuku 365 wa zaka 50, n'kupeza kuti luso lathu lolosera kuti ndani adziphe limangoposa pang'ono kungoganizira mwachisawawa. Zidakwa zambiri zimene zinali zosamva paubwana sizidzadzipha, ndipo ngakhale mwa amene anayesapo kudzipha, pafupifupi 9 mwa 10 alionse samwalira ndi kudzipha. Kuika anthu m'magulu a ngozi yaikulu ndi yaing'ono n'kumapumira pamenepo sikuthandiza kwenikweni. Chothandiza ndi kudziwa mmene ngozi ya munthu uyu imabwerera, n'kuikonzekera.

Kufunsa kwake sikovuta. Mlangizi akhoza kunena kuti, "Bambo, ndikufunsani za kale pang'ono. Musanafike zaka 15, munachotsedwapo sukulu? Munagonapo kunja osauza makolo? Ndewu zinali zochuluka bwanji?" Odwala ambiri amayankha izi momasuka, ena monyadira, kusiyana ndi funso loti akumva bwanji mumtima. Kenako n'kufunsa mosapita m'mbali: "Munayamba mwaganizapo zodzipha? Nanga mutamwa, kapena mutakangana ndi akunyumba, zinakufikanipo mwadzidzidzi?" Funso lachiwirilo ndi lofunika, chifukwa munthu wotere amayankha loyambalo ali bwinobwino masana, pamene maganizowo amamufikira ataledzera pakati pa usiku. Mantha oti kufunsa kumaika maganizowo m'mutu mwa munthu afufuzidwa kambirimbiri, ndipo sizinapezeke kuti n'zoona.

Popeza ngoziyo imabwera msanga ndi kupita msanga, chithandizo chake chimalimbana ndi nthawi. Barbara Stanley ndi Gregory Brown anakonza njira yachidule imene wodwala ndi mlangizi amalemba limodzi papepala limodzi: zizindikiro zoti zinthu zayamba kuipa, zimene angachite payekha kuti mtima utsike, kumene angapite kuti akhale pakati pa anthu, amene angamuimbire foni, nambala ya chipatala, ndi mmene achotsere pakhomo zinthu zoopsa. Atayesa njirayi pa asilikali opuma ku United States, pamodzi ndi kuwaimbira foni akatuluka kuchipatala, khalidwe lofuna kudzipha linachepa ndi 45 pa 100 m'miyezi 6. Mbali yochotsa zinthu zoopsa ndi imene ili ndi umboni wamphamvu kwambiri. Sri Lanka italetsa mankhwala ena oopsa kwambiri a kumunda, chiwerengero cha odzipha chinatsika kwambiri, moti ofufuza akuti anthu pafupifupi 93,000 anapulumuka pakati pa 1995 ndi 2015. Mavuto a anthuwo sanathe. Kungoti pa mphindi zisanu zija panalibe chowapha pafupi. Wachibale amene wamva munthu woledzera akunena zodzipha asamusiye yekha ndipo asadikire kuti mowa uthe kaye. Achotse zoopsa, apite naye kuchipatala.

Palinso masiku amene amadziwika kuti ndi oopsa, ndipo anthu a mbiri imeneyi amawadutsa kawirikawiri kuposa ena. Ingrid Binswanger ndi anzake anatsatira akaidi opitirira 30,000 otuluka m'ndende za ku Washington State ku United States, n'kupeza mu 2007 kuti m'milungu iwiri yoyamba imfa zawo zinali zowirikiza pafupifupi ka 13 poyerekeza ndi anthu ena. Ambiri anafa ndi mankhwala osokoneza bongo, chifukwa thupi linali litasiya kuwazolowera, koma kudzipha kunalinso pakati pa zifukwa zikuluzikulu. Kutuluka m'chipatala cha maganizo, kuyambiranso kumwa utasiya kwa miyezi, ndi kusiya mwadzidzidzi mankhwala othandiza anthu kusiya heroin monga methadone kapena buprenorphine ndi nthawi zinanso zotere. Apa pali chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chosokonekera m'machitidwe a malo ambiri othandiza zidakwa: wodwala akatukwana, akamenyana kapena akapezeka wamwanso, amachotsedwa. Malamulo ndi ofunika, ndipo odwala ena ayenera kutetezedwa. Koma ndiye kuti munthu wachotsedwa chifukwa cha zizindikiro za vuto lomwe anabwerera, pa tsiku limene wakwiya, wachita manyazi ndipo wakanidwanso. Ngati kumuchotsa n'kosapeweka, pepala lija alembe asanatuluke, auzidwe tsiku limene angabwerenso, ndipo wina amuimbire foni mawa lake.

Umboni wina wosonyeza kuti zinthuzi n'zolumikizana unachokera m'makalasi a ana a zaka 6. Mu 1985, Sheppard Kellam ndi anzake a ku Johns Hopkins University anayesa m'sukulu za ku Baltimore masewera otchedwa Good Behavior Game. Mphunzitsi amagawa kalasi m'matimu, amalemba malamulo ochepa pabolodi, ndipo timu imene yasunga malamulowo kwa nthawi yoikika, poyamba mphindi 10 zokha, imalandira kamphoto. Ana ovuta amagawidwa m'matimu onse kuti asaunjikane, ndipo anzawo amayamba kuwalimbikitsa kukhazikika m'malo mowaseka akasokoneza. Palibe amene ankatchula mowa kapena imfa. Anawo atafika zaka 19 mpaka 21, anyamata amene anasewera masewerawa, makamaka amene anali aukali kwambiri poyamba, anali ndi mavuto ochepa a mankhwala osokoneza bongo ndi khalidwe lachiwembu, ndipo maganizo ofuna kudzipha anali otsika ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi a m'makalasi ena. M'gulu la ana a chaka chotsatira, pamene aphunzitsi sankalandiranso uphungu wokwanira, zotsatira zake zinali zofooka.